Ndikusintha clutch ya thiraki, nanga zinazi zili mkatimo ndisinthiretu kapena ndizisiye?

Columbia wa ku Ntcheu:

Moni akuluakulu nonse muno, makamaka amakanika ndi anzanga oyenda msewu wa Joni–Blantyre. Ndithandizeni maganizo chonde, nkhani yake ndi yachangu pang'ono.

Ndili ndi Freightliner Columbia, injini ndi Detroit Series 60, giyabokosi Eaton Fuller ya magiya 13. Ndimapakira katundu kuno ku Johannesburg kupita naye kumudzi, njira yathu yomweyi ya Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka kulowera pa Mwanza. Clutch yatha. Inayamba kusilipa ulendo wathawu pokwera phiri la ku Louis Trichardt, ukaponda mafuta injini kumangolira koma thiraki osathamanga, kafungo kopsa nkumalowa mu cab, tinayesa kupanga adjust koma yafika pothera palibenso poisunthira. Pano ili pa yadi ina ku City Deep, giyabokosi anatsitsa kale dzulo.

Nde vuto lili apa. Ine ndinakonza ndalama ya clutch kit ndi ya amakanika basi. Koma atatsegula andilembera zinthu zambirimbiri kuti tisinthiretu, pilot bearing yomwe imagwira nsonga ya shaft pakati pa flywheel, clutch brake yomwe imaimitsa shaft polowetsa giya yonyamukira, fork yomwe imakoka bearing kuti clutch imasule, cross shaft pomwe fork imakhala ndi ma bush ake, seal yakumbuyo kwa injini ija ya pa crank, input shaft yomwe imalowetsa mphamvu ya injini mu giyabokosi, komanso flywheel, chitsulo chozungulira chija pomwe clutch imamangidwa, ipite kukapalidwa. Akuti sinanga tatsegula kale. Ndikumva ndithu zomwe akunena koma ma rand ake si masewera, ndipo eni katundu akungoimba foni kufunsa kuti ndipakira liti.

Zomwe ndaona ndi maso anga ndi izi. Seal sikudontha, kungoti pansi pa housing pali kachinyezi ka oyilo komwe fumbi lamatirira, koma pomwe ndimaimika thiraki sipapezeka dontho olo limodzi. Flywheel ili ndi mawanga abuluu ndi timing'alu topyapyala. Input shaft mano ake adyeka pang'ono, ukayendetsa chala umamva kuti penapake pakumbika.

Mwa zimenezi ziti zosati nkuzisiya, nanga ziti zomwe ndingadikire nazo mpaka ndibwere ulendo uno? Makamaka seal, ndiikhudze kapena ayi?

Makanika wa ku Wadeville:

Achimwene pepani ndi zimenezo. Amakanika anuwo sakukuberani ayi, mndandanda umenewo ndi womwe ine ndikanakulemberani, koma si zonse zofanana kulemera nde tiyeni tizisiyanitse.

Choyamba ganizani chomwe chimadula pa ntchito ya clutch. Giyabokosi imeneyo ndi makilogalamu oposa 300, clutch yokha ya mainchesi 15.5 ya ma plate awiri ija ndi pafupifupi makilogalamu 70, pamafunika jeki yake, anthu, kumasula propshaft, ma pipe a mpweya, zonsezo, ndipo thiraki imakhala itaima osapanga ndalama. Ntchito imeneyi mwalipira kale. Chilichonse chomwe chimabisala pakati pa injini ndi giyabokosi mukachisiya lero nkudzafa mwezi wamawa, mudzalipiranso ntchito yonseyi kachiwiri chifukwa cha kachitsulo kokwana m'thumba la malaya.

Pilot bearing musafunsenso, sinthani. Ndi yotchipa kuposa zonse pamenepo koma ikagwira imapangitsa input shaft kumazungulirabe olo mutaponda clutch, magiya kumavuta kulowa, mapeto ake imadya nsonga ya shaft. Gulani ya seal yopirira kutentha osati bearing wamba wa size yofanana yemwe amagulitsa pa shopu ya ma bearing a chigayo, mmenemo mumatentha kwambiri girisi wamba amauma. Clutch brake chimodzimodzi, ikani yatsopano pano giyabokosi ili pansi. Zoona ilipo ina ya zidutswa ziwiri yomwe imalowa osatsitsa giyabokosi, koma poti mwatsegula palibe chifukwa chobwezera yakale.

Fork, cross shaft ndi ma bush anthu ambiri amazinyozera ndipo ndi zomwe zimapha clutch yatsopano mwakachetechete. Gwirani cross shaft muigwedeze mmwamba ndi pansi, ikamasewera ndiye kuti ma bush atha. Yang'anani zala za fork pomwe zimakoka release bearing, zikakhala zaphwatalala kapena china chadyeka kuposa chinzake zimakoka bearing mopendekera, clutch simasula bwino, ndipo adjustment simudzaipeza olo mutabweretsa katswiri wotani. Kuika clutch yatsopano pa fork yakutha kuli ngati kukhoma malata atsopano pa mitengo yodyedwa ndi chiswe.

Flywheel. Mawanga abuluuwo ndi malo omwe chitsulo chinapsa nkuuma pa nthawi yomwe clutch imasilipa, ndipo ma plate atsopano sakhala bwino pamenepo, thiraki imanjenjemera ponyamuka ndipo ma button, timapadi ta pa plate togwira flywheel, amadyeka mosalingana. Ipite ku machine shop ikapalidwe, palibe kuchitira mwina, sandpaper sathandiza. Timing'alu tikakhala tapamwamba timachoka popala, koma ngati mng'alu wafika m'mphepete kapena ku mabowo a mabawuti flywheel imeneyo ndi yotaya. Akapala auzeni aone kuti sinapyapyale mopitirira, chifukwa ikatero ma spring a pakati pa plate amayamba kukhula mitu ya mabawuti a flywheel. Muonenso mano a ring gear pomwe starter imaluma, ino ndiyo nthawi yake.

Ikabwerera pa injini muumirire aike dial gauge, kawotchi koyezera kuvina kwa chitsulo. Bukhu la Eaton limati nkhope ya flywheel isavine kuposa mamilimita 0.20, bowo la pilot bearing lisapose 0.13, ndipo housing nayo, nkhope yake ndi mkombero wamkati, 0.20. Ndi ntchito ya kanthawi kochepa koma amakanika ambiri amaidumpha. Gauge ili pomwepo akankhenso crank kutsogolo ndi kumbuyo aone end play.

Input shaft ili ndi mayeso osavuta. Tengani plate yatsopano muilowetse pa mano a shaft yotsukidwa bwino, muyendetse ndi dzanja kuchokera kunsonga mpaka mkati. Ikamayenda mosalala shaft ikhoza kutsala. Ikakodwa pomwe mwati pakumbikapo ndiye kuti ikamadzagwira ntchito izidzakodwanso pomwepo, clutch osamasula, ndipo muzidzati clutch yomwe ndinagula ndi yabodza chonsecho ndi shaft. Ubwino wa Eaton Fuller shaft imeneyi imatulukira kutsogolo osaphwasula giyabokosi yonse. Funsaninso mtengo wa installation kit, imabwera ndi shaft, bearing yake, clutch brake, fork, ma bush ndi pilot bearing pamodzi, muyerekeze ndi kugula chimodzichimodzi.

Za seal ine ndimasintha nthawi zonse flywheel ikachoka, koma ndikudziwa alipo muno omwe atsutse.

Mdala wa pa Zobue:

Otsutsawo ndi ine. Zina zonse amakanika anena zoona ndipo ndilibe chowonjezera, koma seal yomwe sikudontha ine sindiikhudza mwana wanga. Ndayendetsa mathiraki a ku America amenewa kuyambira kale ndipo ndaona kangapo seal yabwinobwino ikuchotsedwa, yatsopano nkukhomedwa ndi hamala ndi kachitsulo pa yadi ya fumbi, thiraki isanafike ndi ku Masvingo komwe oyilo ali chuchuchu mu housing, clutch yatsopano yonse yanyowa. Seal yomwe inaikidwa bwino poyamba ikhoza kukhala nthawi yaitali kwambiri. Yoikidwa mopendekera simaliza ulendo.

Komanso kachinyezi mukunenako mwatsimikiza kuti kakuchokera pa seal? Oyilo amayenda. Akhoza kuchoka pamwamba pa rocker cover nkutsetsereka kumbuyo kwa injini, kapena pa gasket ya sump, kapena ndi wa giyabokosi wotuluka pa cover yakutsogolo. Nunkhizani, wa giyabokosi fungo lake ndi lina ndipo wa injini ya dizilo amakhala wakuda bii. Chotsani flywheel muone kumbuyo kwake. Seal ikamatulutsa, kumbuyo kwa flywheel kumakhala mizere ya oyilo yomwazikira kunja chifukwa cha kuzungulira kuja. Kukakhala kouma, isiyeni.

Columbia wa ku Ntcheu:

Zikomo kwambiri amakanika, zikomo madala. Flywheel sanaichotse, akudikira ine ndinene. Mawa m'mawa ndipita ndiwauze achotse tione kumbuyoko ndisanagule chilichonse. Zoyesa plate pa shaft sindimazidziwa, ndikayesa ndekha. Koma pa seal ndiye mwandiika pakati, nonse mukumveka zoona.

Mayi wa mathiraki awiri:

Achimwene ine si makanika, kwathu ndimagwira mabuku ndi kulipira, bambo ndi omwe amayendetsa ina ndipo inayo ili ndi dalaivala. Nde ndiyankhula za ndalama poti ndi pomwe mwapanikizika.

Musayerekeze mtengo wa zinthuzo ndi ndalama yomwe ili m'thumba lero, muyerekeze ndi zomwe mudzalipire thiraki ikadzaima pakati pa Changara ndi Tete. Joni mpaka Blantyre ndi makilomita oposa 1,600 ndipo gawo lalikulu la msewu umenewo kulibe galaja yoti nkutsitsa giyabokosi bwinobwino. Yathu inaimapo kumeneko chifukwa cha release bearing, ndipo bearing yo sinali nkhani, nkhani inali kutumiza makanika ndi jeki yake, sipeya kuchokera kuno pa basi, kulipira anyamata olondera katundu usiku, dalaivala adye, mapepala a transit nawo ali ndi masiku ake akatha ndi milandu ina, kenako mwini katundu anatenga dalaivala wina ulendo wotsatira ndipo sanatiyimbirenso. Dzuwa la ku Tete mukulidziwa, munthu kugona pansi pa thiraki masana kumeneko ndi chilango. Kuno ku Joni sipeya ali paliponse, Germiston, Boksburg, Jet Park, mukhoza kuyenda mashopu atatu m'mawa umodzi kufananiza mitengo, machine shop ili pafupi. Mwayi umenewu mukawoloka Limpopo watha.

Eni katunduwo auzeni chilungamo kuti thiraki ili pa clutch ndipo mukufuna masiku pang'ono kuti katundu wawo akafike bwino. Ngati mumagwira nawo ntchito nthawi zonse apempheni akupatseni gawo la ndalama ya ulendo mwachangu, ambiri amavomera kusiyana nkuti katundu akagone kutchire.

China, sipeya mukagule nokha kapena mupite limodzi ndi makanika, risiti ikhale m'dzina lanu, ndipo mufunse pa kauntala pomwepo kuti warranty ya clutch imafuna chiyani. Ena amafuna umboni woti flywheel inapalidwa nde risiti ya ku machine shop musataye. Zitsulo zakale zonse azikupatsani m'manja. Si kuti simukuwakhulupirira, ndi dongosolo chabe, komanso fork yakale ndi clutch brake ngati sizinatheretu zimasungidwa mu toolbox.

Pomwe ndingakuuzeni kuti musaumire ndi pa clutch yeniyeniyo. Tinayesapo yotchipa yopanda dzina kamodzi, siinakhalitse.

Makanika wa ku Wadeville:

Mayi anena mfundo yomwe ndinaiwala, ya clutch yeniyeniyo. Achimwene werengani kachitsulo ka nambala kali pa giyabokosi. Ikakhala RTLO-16913A, 16 woyambayo akutanthauza kuti inapangidwira torque ya 1650 lb-ft, 13 wakumapeto ndi magiya. Ikayamba ndi 18 ndi 1850. Clutch yomwe mugule torque yake isachepere ya injini yanu, ndipo muuze ogulitsa injini yake chifukwa ma spring a pa plate aja si okongoletsa, ndi omwe amameza kugunda kwa injini kuti kusakafike ku magiya ndi ku diff. Muyezenso bowo lapakati pa flywheel, ma plate ena ma spring ake ndi otambalala salowa pa flywheel iliyonse.

Madala, pa seal sindikukutsutsani kwenikweni, zomwe mwaonazo nanenso ndaziona. Koma vuto pamenepo ndi hamala osati seal. Ya Series 60 imabwera ndi sleeve yake ndipo ili ndi chida chake choikira chomwe chimakankha zonse pamodzi mowongoka mpaka pa muyezo wake. Ndi chida chimenecho, crank yotsukidwa bwino, ndi kutsatira kapepala kobwera mu bokosi, poti ma seal ena amafuna kulowa ouma osapaka oyilo kapena girisi, seal sivuta. Nde achimwene funso loti muwafunse amakanika anu ndi lakuti chida choikira seal muli nacho? Akuonetseni ndi maso. Ngati alibe ndipo sangabwereke, kumbuyo kwa flywheel nkukhala kouma, pamenepo ndigwirizana ndi madala, isiyeni. Koma ngati chida chilipo ndipo thiraki yayenda mtunda wautali seal yomweyo osasinthidwapo, ine ndikanasintha, chifukwa clutch yatsopanoyi mukufuna ikhale zaka, nde funsani mumtima ngati seal yakaleyo ikhalenso zaka zomwezo. Ikadzayamba kudontha pakati, oyilo akafika pa ma plate clutch imasilipa olo ikhale yatsopano.

Pobwezera giyabokosi asaisiye ikulendewera pa shaft, imapinda ma plate, jeki igwire mpaka mabawuti onse amangidwe, ndipo asaikoke ndi mabawuti kuti ilowe mokakamiza. Mabawuti a flywheel amangidwe ndi torque wrench motsatira bukhu, osati mpaipi pa sipanala. Poti propshaft ili pansi kale gwedezani ma UJ, zolumikizira zake zija, ndipo yang'anani ma mounting akumbuyo a injini, akaphwanyika thiraki imanjenjemera ponyamuka munthu nkumanamizira clutch.

Adjustment ngati mwagula ya manual ndipo linkage yanu ndi yazitsulo: pakati pa release bearing ndi clutch brake pakhale theka la inchi, pafupifupi mamilimita 13, ndipo izi zimakonzedwa pa clutch penipenipo osati pa linkage. Kenako pakati pa zala za fork ndi bearing pakhale mpata wa 1/8 ya inchi, mamilimita atatu ndi kapang'ono, ndi umene umakupatsani free play pa pedulo. Free play ikayamba kuchepa m'miyezi ikubwerayi musadikire isilipe, pangani adjust. Mukagula Solo, mtundu wina wa clutch ya Eaton, imadzipanga yokha adjust koma girisi imafunabe. Paipi ya girisi ya release bearing ikhale yatsopano ndipo iloze poti dzanja lifike, chifukwa ikabisala palibe amene amapopera.

Mdala wa pa Zobue:

Ngati chida chilipo ndilibe mawu amakanika, tagwirizana.

Koma mwana wanga clutch ikalowa udindo ubwerera kuphazi lanu. Thiraki yolemera nyamukani ndi giya yotsika, musachite ulesi kunyamuka ndi giya yapamwamba nkumawonjezera mafuta, kutentha konse kuja kumathera pa flywheel. Pa mzere wa pa boda musamasunthe pang'onopang'ono phazi lili theka pa pedulo, dikirani mpata utseguke musunthe kamodzi. Pa chitunda gwirani ndi mabuleki osati clutch. Ndipo pedulo kuiponda mpaka pansi ndi pokhapokha mwaima mukufuna kulowetsa giya yonyamukira kapena rivesi, thiraki ikuyenda mukaponda mpaka pansi mukupha clutch brake, timano take timathyoka tsiku lomwelo. Anyamata ambiri ochokera ku mathiraki a ku Ulaya amachita zimenezi osadziwa.

Wa Scania ku Kempton Park:

Madala akunena ife kumapetoko, ndipo ndi zoona, ine nditakwera Freightliner koyamba palibe anandiuza za clutch brake. Kwa omwe akuwerenga muno ali ndi Scania, Volvo kapena MAN, zambiri zili pamwambazi ndi zomwezo, flywheel, pilot bearing, seal, fork, kungoti zathu zambiri ndi plate imodzi ya mamilimita 430 ndipo clutch brake kulibe. Chowonjezera kwathu ndi servo ndi master cylinder, muone ngati sizikudontha ndipo fluid asinthidwe. Za ma automatic zija clutch ikasinthidwa pamafunika kompyuta ipange calibrate, musatuluke pa galaja asanapange.

Columbia wa ku Ntcheu:

Akuluakulu ndabwera ku yadi. Flywheel tachotsa, kumbuyo kwake kuli timizere ta oyilo wakuda tomwazikira kunja monga ananenera madala, tochepa koma tilipo, ndipo pansi pa seal ndi ponyowa. Pamwamba pa injini ndi pouma. Nde seal ikusinthidwa. Chida amakanika anga alibe koma apita kukabwereka kwa mnzawo wa ma Detroit, ndawauza kuti popanda chimenecho asayambe, ndidikira.

Plate ndinayesa pa shaft ndi manja anga, ikukodwa pomwe pakumbika paja mpaka kuchita kuimenya ndi chikhatho kuti idutse, nde shaft nayo ikupita. Cross shaft ya mbali ya linkage ikusewera kwambiri, fork chala chimodzi chadyeka kuposa chinzake. Giyabokosi ndi 16913 amakanika munalondola. Flywheel ili ku machine shop, akuti timing'alu ndi tapamwamba tichoka, ring gear ili bwino. Ma UJ ali bwino sindisintha, mounting imodzi yayamba kung'aluka koma imeneyo imasinthika giyabokosi ili mmwamba nde idikira ndibwere.

Mayi, eni katundu ndayankhula nawo, avomera kudikira mpaka Lolemba ndipo andipatsa theka la ndalama ya ulendo mawa. Zikomo potilimbitsa mtima, ndekha ndikanangokhala chete nkumazemba mafoni.

Chatsala ndi kusankha pakati pa clutch ya manual adjust ndi Solo. Amakanika a ku Wadeville, kwa munthu woyenda msewu wa Tete wafumbi uja ndipo adjust ndimatha kupanga ndekha pansi pa thiraki, mungandilangize iti? Ndikufuna ndikagule mawa lomwelo ndalama ikangolowa.